Mabelu Athu Olira Osamveka

Nyumba yoyang'anana ndi geti la kumanda,
Thralby.

Kwa Wolemekezeka Bwana Kapitao
wa Gulu la Oimba Mabelu,
Tchalitchi cha Oswin Woyera.

Bwana Kapitao,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokhoma kalata ino pa chitseko cha tchalitchi, pomwe aliyense wodutsa angathe kuiwerenga. Ndikanakonda kukuuzani pamaso, koma pa msonkhano wapitawu munalamula kuti mafunso onse abwere kumapeto, ndipo kumapetoko munayang'ana wotchi n'kutseka msonkhano. Ine ndine nkhalamba yosadziwa za kayendetsedwe ka magulu. Chimene ndimadziwa n'kukoka chingwe cha belu lachitatu, ntchito imene ndinayamba ndili mtsikana, inu musanamve n'komwe kuti kunja kuno kuli mudzi wotchedwa Thralby. Mukapeza polakwika, mukhululukire dzanja la munthu wakumudzi.

Ndalemba kudzathokoza. Anthu akukunenani ku bala ndi ku sitolo, ati mwapha mabelu a mudzi uno. Ine ndimakuikirani kumbuyo. Ndimawauza kuti mabelu onse asanu ndi limodzi ali moyo, ndipo Lachinayi ndi Lamulungu amagwedezeka mwamphamvu monga kale. Kungoti samveka basi, ndipo munthu wa mtima wabwino sangaweruze mnzake pa kanthu kakang'ono chotero.

Ndikuthokozanso m'malo mwa amuna anga, a Wilfred, poti iwo sangathe kulemba. Inu masiku ano mumangowaona ngati nkhalamba ya pa njinga ya olumala imene imangoyang'ana nsanja ya mabelu pa zenera. Ife timawadziwa ngati munthu amene anakoka Dorcas, belu lathu lalikulu, kuyambira asanandifunsire mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa m'dimba, khasu lili m'manja. Matendawo anawalanda mwendo, dzanja lamanja ndi mawu. Adokotala anandiuza kuti ndisayembekezere kudzawamvanso akulankhula. Koma Lachinayi loyamba atatuluka m'chipatala, anzathu akuyeserera kunsanja monga mwa masiku onse, ine ndikutsuka mbale kukhitchini, ndinamva mawu kuchipinda, omveka bwinobwino:

"Maureen ameneyu akukoka belu kapena akukama ng'ombe?"

Mbale ndinaigwetsa, ndipo sindinaidandaule. Maureen Oddy ndi wa belu lachiwiri, ndipo n'zoona kuti chiyambireni amachedwa.

Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho. Sabata yonse a Wilfred zii, ngakhale muwafunse dzina lawo, koma mabelu akangoyamba pakamwa pankamasuka. Ankatukwana wochedwa, ankatukwana wofulumira, ankatukwana ndi amene anawaphunzitsa omwe, ena a iwo ali m'manda kalekale. Anamwino anati ubongo uli ndi tinjira take, ndisafunse zambiri. Ine ndinasiya kukwera nsanja kuti ndizikhala nawo, chifukwa mabelu akatha mawu ankatsalako pang'ono, monga chitofu chimatsalira ndi kutentha moto utazima. Ankati, "Enid, tiyi wazizira." Nthawi zina ankafunsa za mwana wathu Janet, amene amakhala ku Leeds, kapena ngati ndachotsa nyemba m'dimba. Kenako zii mpaka mabelu aliranso. Amenewo ndiwo amuna amene matenda anandisiyira, Bwana Kapitao, ndipo ndinali wokhutira nawo. Chitsekereni mabelu sindinamveponso mawu awo, ndipo adokotala akukayika ngati a Wilfred afike nyengo yoswa nkhosa chaka chino.

Tsopano lolani ndiyale zothokoza zanga mwadongosolo, poti dongosolo ndi limene mumakonda.

Choyamba, zikomo povomera udindo. A Wilfred atagwa tinakumana ku bala kuti tisankhe kapitao wina wolowa m'malo mwawo, ndipo aliyense anayang'ana m'tambula mwake. Inu nokha munayang'ana kutsogolo. Munali mutangofika kumene kuchokera mumzinda, mutapuma ntchito ku kampani ya inshuwalansi, ndipo chingwe cha belu munali mutachigwirapo miyezi yowerengeka. Koma munatitsimikizira kuti m'moyo mwanu mwayendetsapo anthu mazanamazana, nanga nkhalamba zochepazi n'chiyani. Tinaomba m'manja n'kubwerera ku mowa wathu.

Sabata isanathe munali mutachotsa mtsuko wa mowa umene unkakhala pa zenera la chipinda choimbiramo kuyambira nthawi ya agogo athu, n'kuikapo ketulo. Munatipezera malaya ofanana okhala ndi chithunzi cha belu pamtima, kuti mlendo akatipeza tikukoka zingwe za mabelu asasokonezeke kuti tikuchita chiyani. Kudenga munakhoma zotchinga phokoso, pansi munayala kapeti, ati kuteteza makutu athu, makutu amene anatha ntchito inu mukadali pa sukulu. Ndipo munakhazikitsa lamulo lakuti kuchipinda cha pamwamba, kumene kumakhala mabelu enieniwo, kuzikwera kapitao yekha. Len Scaife, wa belu lachisanu, amene wakhala akupaka mafuta mabelu amenewo moyo wake wonse osathyoka ngakhale chikhadabo, munamuuza kuti athokoze Mulungu kuti akadali moyo. Makiyi munawaika m'thumba mwanu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chifundo chanu pa a Peverell. Bambowa anagula nyumba yakale ya abusa, imene khoma lake latsamira mpanda wa tchalitchi. Nsanja sinabisale pamene ankagula. Yaima pomwepo kuyambira mudzi uno usanakhale ndi msewu, ndipo ndamva kuti pa chithunzi chotsatsira malonda inkaoneka kuposa nyumba yogulitsidwayo. Koma atalowamo anadabwa kwambiri kupeza kuti m'nsanja ya mabelu muli mabelu. Ati ankawasokoneza pa misonkhano yawo ya pa kompyuta, komanso galu wawo ankanjenjemera. Akapitao akale akanawaitana kuti akwere adzaphunzire kukoka chingwe, poti ndi mmene timachizira odandaula kuno. Inu munapita kukadya kwawo. Mayi wa ku positi ofesi akuti munatulukako mukuyenda ngati munthu amene wamva mfundo zomveka kwambiri, botolo lili m'khwapa.

Lachinayi lotsatira anzathu anapeza zachilendo. Lilime la belu lililonse, chitsulo cholendewera chija chimene chimamenya belu mkati, munalipana ndi thabwa kuti lisagunde kanthu. M'malo mwake munabweretsa makina amene amaona belu likamatembenuka n'kutulutsa kulira kwake pa sipika, m'chipinda choimbiramo mokhamokha. Woimba amakoka chingwe, amatuluka thukuta, amamva belu lake likulira, koma kunja ngakhale nkhunda sizidzidzimuka. Len atafunsa kuti nanga tsono tikuimbira ndani, munamuyankha kuti woimba weniweni amaimbira luso, osati anthu. Len anati chibadwire chake sanaonepo luso likubwera ku mapemphero, koma inu munali mutayamba kale kugawa zingwe. Madzulo amenewo ine ndinali nditawakhazika a Wilfred pa zenera, tiyi ali pa tebulo, ndipo tinakhala choncho mpaka tiyiyo anazizira popanda wondiuza.

Chachitatu, zikomo potipatsa Lamulungu labata. Munalonjeza kuti matabwawo ndi a Lachinayi lokha, Loweruka lililonse muzikwera kukamasula. Loweruka loyamba munakweradi. Lotsatira bondo linatupa. Linzake kunagwa mvula, ngakhale makwerero athu ali mkati mwa nsanja. Len anapempha makiyi, inu munamukumbutsa lamulo, ndipo munaoneka achisoni kwambiri kuti manja anu ndi omangidwa ndi lamulo limene munalipanga nokha. Choncho Lamulungu m'mawa anzathu amakwera, amadziimbira okha mabelu oitanira anthu ku mapemphero, kenako amatsika n'kukalowa m'tchalitchi, atamvera kuitana kwawo komwe. Ndinakadandaula kwa abusa. Mayiwo ali ndi mipingo yochuluka kuposa zala za dzanja limodzi, ndipo anandiyankhira pa zenera la galimoto, injini ikulira, kuti za kunsanja n'za akunsanja.

Ndi pamene ndinabwera pakhomo panu kudzakuuzani za a Wilfred. Munandilandira bwino, sindinganame. Munandipatsa mpando ndi sikono, munapendeketsa mutu, munati ayi ndithu n'zomvetsa chisoni, koma tisalole kuti mtima uziyendetsa gulu. Madzulo omwewo munanditumizira pa foni kulira kwa mabelu a ku tchalitchi chachikulu cha mumzinda, oimbidwa ndi akatswiri. Ndinawatsegulira. Mabelu aja ankatsatana bwino, osagundana, osachedwa, popanda polakwika ngakhale pamodzi. A Wilfred anamvetsera pang'ono, anasowa womutukwana, n'kutembenukira kukhoma. Len ndi Maureen anayesanso kubwera ndi timabelu ta m'manja, Maureen akuchedwa dala, koma a Wilfred chiyambireni amati timeneti n'tidole ta ana, ndipo sanatsegule ndi maso omwe.

Chachinayi, ndipo apa ndavula chipewa, zikomo chifukwa cha maliro a Ambrose Tunnicliffe. Ambrose anakoka belu lachinayi m'chipinda chimodzi ndi a Wilfred kwa zaka zambirimbiri, ndipo awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku ngati anthu apachibale. Mwambo wathu woimba akatisiya mukuudziwa. Lilime la belu lililonse timaliveka chikopa mbali imodzi, kuti likamenya uku lilire mokweza, likamenya uko lilire motsitsa, ngati wina akuyankha ali patali. Timaimba bokosi likamatuluka m'tchalitchi kupita kumanda. Ambrose anali atachitira zimenezi anzake onse amene anatsogola, ndipo mkazi wake Doreen sanapemphe maluwa kapena kwaya, anapempha chimenechi chokha. Munamugwira dzanja n'kumuuza kuti aike mtima m'malo. A Peverell munawaimbira foni ku Portugal, kumene amathawira chisanu, kuwapempha chilolezo, ndipo anavomera mwaulemu. M'mawa wa tsikulo mudzi wonse unakuonani mukulowa m'nsanja mutavala chisoti cholimba, zikopa zili m'manja, bondo lili bwinobwino.

Ine sindinakwere. Ndinawasambitsa a Wilfred, ndinawameta ndevu, ndinawaveka suti, n'kuwakankha pa njinga yawo mpaka pansi pa mtengo wa pafupi ndi dzenje. Aka kanali koyamba kutuluka panja chidwalireni. Kunkazizira, ndipo anamwino akanandiona akanandikalipira, koma mumtima ndinati lero lokha ndiwamva amuna anga. Bokosi linatuluka. Onyamula anaima pakhomo kudikira belu loyamba, monga mwa mwambo. Amuna anavula zipewa, anthu onse anakweza maso. A Wilfred anatukula dzanja lawo lamoyo lija pamwamba pa bondo, kukonzekera kutsatira mabelu ndi chala monga ankachitira.

Tinadikira. M'mipata ya mazenera a pamwamba pa nsanja tinkaona zithunzithunzi za mabelu akutembenuka, ndipo otchera khutu ankamva mitanda ikulira kwii, kwii. Nkhunda zinali phee pa denga, zikudzikonza nthenga. Onyamula bokosi anayamba kusinthana mapewa, pakuti Ambrose sanali munthu wosala chakudya. Abusa anayang'ana kumwamba, anayang'ana Doreen, kenako anatsegula buku n'kuyamba kuyenda, poti anali ndi ubatizo kumudzi wina. Ambrose tinamuika m'manda mphepo yokha ikuwomba. Dzanja la a Wilfred linakhala m'mwamba nthawi yaitali, kenako linatsika lokha. Ndinakudani pa nthawi imeneyo, Bwana Kapitao, ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikupepesa chifukwa ndinali pa malo opatulika.

Chimene chinachitika tinachimva pambuyo. Munakweradi, ndipo lilime lililonse munaliveka chikopa chake, lamba womangidwa bwino, moti Len akuti pomvera mmene munafotokozera, iyenso sakanamanga mwaudongo chotero. Matabwa okha ndi amene munaiwala kuchotsa. Munaveka zikopa malilime opanidwa kale, kuti chinthu chosalira chilire motsitsa. Makina aja munali mutawatchera kulira kwa maliro Lachinayi poyeserera, ndipo amayaka pa swichi imodzi ndi ketulo. Maureen ankangofuna kutenthetsa madzi a tiyi, monga amachitira akangolowa. Choncho anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo obwereka kumudzi wa kutsidya, anaimba ndi mtima wonse, misozi ikutsika, akumva mabelu a maliro okoma kuposa onse amene anawamvapo. Len akuti anakayika, poti pansi sipankanjenjemera ku mapazi, koma zingwe zikamayenda wolankhula ndi kapitao yekha. Limenelo ndi lamulo lakale, si lanu, ndipo sindikukuikirani.

Munatsika nonse muli thukuta, mukugwirana mapewa. Inu munadutsa pakati pa anthu osaona kuti palibe amene akukuyang'anani kumaso, n'kukaima pamaso pa Doreen, dothi likadali m'dzanja lake. Munamufunsa ngati wamva mmene mwamuperekezera mwamuna wake, n'kuonjezera kuti chikhalireni gululi silinaimbepo bwino chotero. Doreen anapukuta dzanja pa jasi lake.

"A Kapitao," anatero, "wogontha anali Ambrose. Ine makutu anga ndi abwinobwino."

Chachisanu, zikomo chifukwa cha kulimba mtima kwanu pambuyo pake. Munthu wina akanabisala m'nyumba, kapena akanabweza makiyi. Inu munalemba m'kanyuzipepala ka mpingo kuti mwambo wa maliro unayenda mwabata, ndipo pamenepo palibe angakutsutseni. Kenako munaitanitsa msonkhano n'kutiuza kuti chachitikachi ndi phunziro kwa tonsefe. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kuona amene anaiwala matabwa pamodzi nanu, sindinamupeze. Munakhazikitsa kakomiti kofufuza, wapampando wake inu nomwe, ndipo munalamula kuti kufikira kafukufuku atatha pasapezeke wokhudza kanthu kuchipinda cha pamwamba, kuopa kusokoneza umboni. Choncho zikopa za Ambrose zikadali pa malilime, matabwa akadali pomwepo. Nyumba ya a Peverell ndi yotseka chiyoyokereni masamba m'mitengo, galu ali ku Portugal ndi ambuye ake, ndipo mudzi wonse ukuyenda monyang'ama kuopa kudzutsa makatani. Doreen wasiya kubwera ku mapemphero.

Kuchokera tsiku la maliro a Wilfred akukana phala. Ndikawakhazika pa zenera amatseka maso. Janet wayamba kubwera kawirikawiri kuchokera ku Leeds, ndipo amalankhula ndi anamwino pakhonde motsitsa mawu, poganiza kuti sindikumva. Ndili ndi mantha, Bwana Kapitao. Zoti andisiya ndinazivomera kale. Chimene ndikuopa n'chakuti mawu amene anandiuza Lamulungu lomaliza mabelu atalira ndi amene adzakhale omaliza, ndipo sindikuwakumbuka n'komwe. Sindinadziwe kuti ndi omaliza, ndinkapukuta tebulo.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada, ngakhale podzuka ndidzafuna wondigwira dzanja. Sindikupempha kuti mutule pansi udindo. Sindikupemphanso mabelu a pa maliro a amuna anga. Tsiku limenelo mudzakhoza kuwaveka zikopa, matabwa, ngakhale mabulangete, eni ake sadzadandaula, ndipo ine ndaona kale mmene mumaperekezera anthu. Ndikupempha Lachinayi likubwerali, madzulo amodzi okha. Mumubwereke Len makiyi, inu muyang'ane kumbali kuti lamulo lisaone. Akachotse matabwa ndi zikopa, mabelu alire poyera. Umboni akakusungirani m'thumba, mudzapitiriza nawo kafukufuku wanu Lachisanu.

Ndipo chonde, Dorcas mukamugwire inuyo. Musamupatse Len, pakuti Len amaimba bwino ndipo angangowagonetsa tulo. Pali chinthu chimene ndakhala ndikukubisirani poopa kuti mungadzitukumule. Pa anthu onse a m'nsanja, palibe amene ankawamasula pakamwa a Wilfred ngati inu. Maureen ankalandira chiganizo chimodzi, zikavuta ziwiri. Koma inu mukagwira chingwe cha Dorcas ankalankhula ngati munthu wosadwala, nkhope inkafiira, ankamenya tebulo, ndipo tsiku lina anayesa kuimirira. Zimene adokotala alephera ndi mankhwala awo onse, inu munkazichita osadziwa n'komwe. Choncho musayeserere, musavutike kukonza kanthu. Mukangoimba monga mmene mumaimbira nthawi zonse.

Ine ndidzatsegula zenera, ndidzakhala pafupi nawo manja opanda ntchito, ndipo chilichonse chimene adzanene za inu ndidzachisunga mumtima mpaka imfa yanga.

Ndine wanu wotsikitsitsa mwa okoka chingwe,

Mayi Enid Garbutt,
wa belu lachitatu.